Momwe mungasankhire zodzola kumaso zosawononga chilengedwe komanso zosaikidwa m'pulasitiki

Kabotolo ka mafuta akumaso kamaoneka kakang'ono, koma n'kovuta kwambiri kukakonzanso kakatayidwa. Nthawi zambiri kamakhala ndi zinthu zitatu kapena zinayi zolumikizidwa pamodzi: botolo lenilenilo la pulasitiki wamtundu wina, chivindikiro cha mtundu winanso, pampu yokhala ndi sipuling'i yachitsulo m'kati, ndi pepala lomatidwa kunja. Makina osankha zinyalala sagwira bwino tinthu tating'ono chonchi, motero timathera kudzala, pamoto kapena m'madzi. Padziko lonse, pafupifupi 9 peresenti yokha ya zinyalala za pulasitiki ndi imene imakonzedwanso.

Komabe musayambe ndi botolo posankha. Mafuta amene akuyabwani kumaso mudzawataya asanathe, ndipo ngakhale atabwera m'chitini chokongola, adzakhala zinyalala basi. Yambani ndi khungu lanu, kenako zimene zili m'kati mwa mafutawo, ndipo chotengera chibwere pomaliza.

Malizani kaye zimene muli nazo

Kutaya zodzola zabwinobwino chifukwa choti zili m'pulasitiki sikuthandiza chilichonse, popeza pulasitikiyo anapangidwa kale. Zimalizeni, ndipo muzisintha chimodzichimodzi chikatha. Nkhope ya anthu ambiri imafuna zinthu zitatu zokha: chosambira, chofewetsa khungu, ndi choteteza ku dzuwa. Maseramu (timadzi todzola tolimbana ndi vuto linalake la khungu), matona (madzi opaka kumaso mukatha kusamba) ndi zina zotero muziwonjezera pokhapokha pali vuto lenileni limene mukufuna kuthana nalo.

Dziwani mtundu wa khungu lanu

Sambani kumaso ndi chosambira chofatsa, dzipukuteni, ndipo mukhale ola limodzi osadzola kanthu. Ngati khungu lakungika n'kuyamba kutuwa, ndi louma. Ngati nkhope yonse ikunyezimira, ndi lamafuta. Ngati mphumi ndi mphuno zokha ndi zimene zikunyezimira pamene masaya ali ouma, ndi losakanikirana. Amene khungu lawo silichedwa kuyabwa kapena kutentha akadzola chinthu chatsopano asankhe zopanda mafungo onunkhiritsa.

Funani zopanda madzi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tembenuzani botolo la loshoni muwerenge mndandanda wa zosakaniza. Zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri kutsika m'munsi, ndipo kawirikawiri mawu oyamba amakhala Aqua kapena Water. Chinthu chokhala ndi madzi chimafuna chotengera chosadontha, chimafuna mankhwala oletsa tizilombo ndi chuku, ndiponso chimalemera pochinyamula kuchokera ku fakitale. N'chifukwa chake opanga amathamangira ku pulasitiki. Mukasankha chopanda madzi, chotengera chake chikhoza kukhala pepala, chitini kapena galasi popanda vuto.

Pa zosambira, sankhani cholimba ngati sopo wamtanda, koma dziwani kuti pali mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Khungu la munthu lili ndi asidi pang'ono, pH yake (muyezo wa asidi, umene nambala yake ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) imakhala pakati pa 4.5 ndi 5.5. Sopo weniweni, wopangidwa pophika mafuta ndi soda, amakhala ndi pH ya 9 mpaka 10. Sopo wotereyu amachotsa mafuta achibadwa oteteza khungu, ndipo ambiri akasambira kumaso amamva kukungika, ena amatuwa, enanso khungu limayabwa. Mumuzindikira ndi mayina ngati sodium palmate, sodium tallowate, sodium olivate kapena sodium cocoate. Mtundu wachiwiri umatchedwa syndet, ndipo pH yake imayandikira ya khungu. Pamndandanda wake mupezapo sodium cocoyl isethionate kapena sodium cocoyl glutamate. Kumaso, uwu ndiwo woyenera. Musakhuze mtandawo pankhope. Pangani thovu m'manja, pakani kwa masekondi 30 mpaka 60, kenako tsukani ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha.

Pa zofewetsa khungu, pali mafuta amadzimadzi a m'botolo lagalasi ndi mafuta olimba a m'chitini. Amene khungu lawo ndi lamafuta kapena limatuluka ziphuphu amayanjana ndi opepuka monga jojoba ndi squalane. Mafuta a kokonati ndi a koko amatseka tizibowo ta khungu mwa anthu ambiri, choncho ndi bwino kuwasiyira thupi. A shea ndi olemera, amathandiza khungu louma kwambiri. Pa squalane onetsetsani kuti alemba kuti ndi wochokera ku zomera, monga nzimbe kapena maolivi, chifukwa wina amachokera ku chiwindi cha shaki.

Cholakwika chofala n'kudzola mafuta pakhungu louma gwaa n'kumadabwa kuti likutuwabe. Mafuta sabweretsa madzi pakhungu, amangotsekera amene alipo kale. Dzolani nkhope ikadali yonyowa pang'ono mukangosamba. Madontho awiri kapena atatu, mukawatikita m'manja n'kuwasindikiza pankhope, akwanira. Mukachulukitsa, nkhope imangonyezimira tsiku lonse ndipo fumbi limakakamira.

Dongo lopaka kumaso, monga kaolin, gulani la ufa. Sakanizani supuni yaing'ono imodzi ya ufawo ndi madzi ofanana nawo, pakani, ndipo mutsuke pakatha mphindi 10 lisanayambe kung'ambika. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Musasunge lotsala losakaniza kale, chifukwa lilibe choletsa tizilombo.

Ngati khungu lanu likufunadi kirimu wokhala ndi madzi, musaope mankhwala oletsa kuwonongeka monga phenoxyethanol, sodium benzoate kapena potassium sorbate. Kirimu wokhala ndi madzi koma wolembedwa kuti alibe mankhwala oterewa akhoza kukhala woopsa, makamaka akakhala m'chikho chotakasuka kukamwa chimene mumapisamo chala tsiku lililonse. Vitamini E amachedwetsa mafuta kuti asasase, koma sapha tizilombo.

Yang'anitsitsani chotengera

Galasi limasungunulidwa n'kupangidwanso kambirimbiri osatha mphamvu, ndipo sililowerera m'zodzola. Vuto lake n'kulemera, ndipo kulipanga kumadya moto wambiri. Phindu lake limaoneka mukaligwiritsanso ntchito kapena likafika kumene amakonzanso magalasi. Zinthu zimene zimawonongeka ndi kuwala, monga vitamini C ndi retinol, zikhale m'galasi lakuda kapena lofiirira. Seramu wa vitamini C akasanduka wofiirira kwambiri, ndiye kuti watha mphamvu.

Aluminiyamu ndi wopepuka, salola kuwala, ndipo kumukonzanso kumafuna pafupifupi 5 peresenti yokha ya mphamvu imene imafunika popanga watsopano. Ndi wabwino kwambiri pa mafuta olimba. Machubu a aluminiyamu amakhala ndi utoto wopyapyala m'kati woteteza zodzolazo, ndipo chotsekera chake nthawi zambiri ndi cha pulasitiki, komabe pulasitikiyo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi chubu cha pulasitiki yekhayekha.

Pepala ndi katoni zimayenera sopo ndi ufa. Koma pepala loti ligwire mafuta amalikutira ndi china chake m'kati, mwina phula, mwina pulasitiki wopyapyala. Mukamaliza kugwiritsa ntchito, ling'ambeni. Likang'ambika n'kuonetsa ulusi wokhawokha, ndi pepala lenileni. Pakatsala kachikopa konyezimira kotanuka, muli pulasitiki. Chizindikiro cha FSC chimasonyeza kuti pepalalo lachokera ku nkhalango zosamalidwa bwino kapena ku mapepala okonzedwanso.

Tsegulani chivindikiro muone m'kati musanagule ngati n'kotheka. Zikho zambiri zooneka ngati za nsungwi zimakhala ndi chikho china cha pulasitiki m'kati, chomatidwa ndi guluu, ndipo ziwirizo zikamatana chonchi palibe chimene chingakonzedwenso. Pampu ya pa botolo lagalasi ili ndi vuto lomwelo. Ngati kampani imagulitsa botolo lodzazitsiranso lokhala ndi chivindikiro chachitsulo, gulani pampu kamodzi n'kumaisamutsira pa botolo latsopano.

Samalaninso ndi mapulasitiki opangidwa kuchokera ku zomera, monga PLA. Ngakhale amalembedwa kuti amawola, ambiri amawola m'mafakitale apadera okha, mmene kutentha kumapitirira madigiri 55 kwa milungu ingapo. Akagwera m'nthaka kapena m'madzi amakhala nthawi yaitali. Nambala ya EN 13432 imanena za kuwola kwa m'fakitale koteroko. Chimene chingawole pa dzenje la manyowa la pakhomo chimakhala ndi chizindikiro chonga OK compost HOME.

Zizindikiro zina zimasocheretsa. Kabwalo ka mivi iwiri yopotana, kotchedwa Green Dot, kamangotanthauza kuti kampaniyo inalipira ndalama ku ntchito yosonkhanitsa zinyalala m'mayiko ena, osati kuti botololo n'lokonzekanso. Chithunzi cha kalulu cha Leaping Bunny chimanena kuti sanayesere pa nyama, sichikhudza za pulasitiki. Chizindikiro cha COSMOS chimatsimikizira za zosakaniza zachilengedwe, koma katundu wake akhoza kubwerabe m'pulasitiki. Mawu ngati natural, green kapena clean, akakhala okha opanda bungwe lotsimikizira, aliyense akhoza kuwalemba.

Pulasitiki wina ali m'mafuta momwemo

Anthu ambiri amaiwala mbali iyi. Zokhulira kumaso zina zimakhala ndi timikanda ta pulasitiki timene timapita ndi madzi osamba, ndipo popeza n'tating'ono kwambiri, tina timadutsa m'malo oyeretsera madzi n'kukafika m'mitsinje ndi m'nyanja, kumene nsomba zimatimeza. Dziko la United States linakhazikitsa lamulo loletsa timikandati m'zosambira mu 2015, la United Kingdom linaletsa timikandati mu 2018, ndipo mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo lokhwima kwambiri mu 2023, limene likuyamba kugwira ntchito pang'onopang'ono pa mitundu yosiyanasiyana ya zodzola mpaka 2035. M'mayiko ambiri zinthuzi zikugulitsidwabe. Pamndandanda funani mayina awa ndipo muwapewe: polyethylene, polypropylene, nylon-12, polymethyl methacrylate ndi polyethylene terephthalate.

Tinsalu tonyowa topukutira kumaso timene timatayidwa tikangogwira ntchito kamodzi timapangidwa kawirikawiri ndi ulusi wa pulasitiki. M'malo mwake khalani ndi tinsalu tofewa ta thonje tokwanira sabata yonse, kamodzi pa tsiku, n'kumatichapa ndi kutiyanika padzuwa. Kansalu konyowa kogwiritsidwa ntchito masiku angapo osachapa kamabweretsa ziphuphu.

Palinso chinthu china choopsa kuposa pulasitiki. Mafuta ena oyeretsa khungu amakhala ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha, ndipo akatsukidwa amakaipitsa madzi ndi nsomba. Mukaona mayina ngati calomel, mercurous chloride kapena mercuric, kapena ngati botolo lilibe mndandanda wa zosakaniza n'komwe, musagule, ngakhale litakhala lagalasi.

Choteteza ku dzuwa musachinyengerere

Apa khungu ndilo litsogole. Sankhani chokhala ndi SPF (muyezo wa mphamvu yoteteza ku dzuwa) 30 kapena kuposa, cholembedwa kuti chimateteza ku UVA ndi UVB, mitundu iwiri ya cheza cha dzuwa chowononga khungu. Zilipo za m'chitini ndi za m'chubu cha katoni, zambiri zopangidwa ndi zinc oxide. Vuto lake n'lakuti pakhungu lakuda zimasiya mbuu, ndipo munthu akaona kutuwako amayamba kudzola pang'ono kwambiri, chitetezo n'kuchepa. Yesani chokhala ndi mtundu wofanana ndi khungu, chifewetseni kaye pakati pa zala, ndipo mupake magawo awiri opyapyala m'malo mwa limodzi lochindikala. Muyezo wa nkhope ndi khosi ndi mizere iwiri yotalika ngati chala cha mkombaphala ndi chapakati, ndipo mukakhala padzuwa muzidzolanso pakatha maola awiri aliwonse. Ngati simunapeze chopanda pulasitiki chimene mungathe kudzola mokwanira tsiku lililonse, gulani cha m'pulasitiki chachikulu chimodzi m'malo mwa ting'onoting'ono tambiri. Ndipo musayese kupanga chanu kunyumba: ufa wa zinc sumwazika mofanana ukasakanizidwa pamanja, ndipo palibe njira yodziwira mphamvu yake popanda kupima ku labotale.

Yesani musanapake nkhope yonse

Chochokera ku zomera chikhozanso kuyabwa. Mafuta onunkhira a zomera, amene pamndandanda amaoneka ngati limonene, linalool, citral kapena geraniol, ndi ena mwa zinthu zimene zimatulutsa zidzolo kawirikawiri, ndipo ena ochokera ku zipatso za mtundu wa mandimu, monga bergamot, akhoza kuwotcha khungu mukapita padzuwa. Pakhungu lakuda, pamalo pamene panatupa kapena kupsa pamasiya banga lakuda lotenga miyezi kuti lizimiririke.

Pakani pang'ono m'kati mwa mkono, pafupi ndi popindikira chigongono, kawiri pa tsiku kwa masiku 7 mpaka 10. Ngati ndi chosambira, chisiyeni mphindi zochepa n'kutsuka monga mmene mungachitire kumaso. Pakapanda kuyabwa, kutupa kapena nsungu, yambani kumaso. Yambitsani chinthu chimodzi chokha pa nthawi, n'kudikira milungu iwiri musanawonjezere china, kuti vuto likabuka mudziwe gwero lake. Kuti muone ngati chikuthandiza, chipatseni milungu 4 mpaka 6. Amene akulandira mankhwala a ziphuphu kapena a chikanga kuchipatala asawasiye chifukwa choti chubu chake ndi cha pulasitiki.

Kusunga ndi kutaya

Sopo wamtanda amasungunuka msanga akakhala m'madzi, choncho muikeni pa kambale kokhala ndi mabowo, kutali ndi pothira madzi. Mtanda waukulu mukhoza kuudula pawiri n'kusunga theka pouma. Mafuta a m'chitini muziwatapa ndi kasupuni koyera kouma, chifukwa dontho limodzi la madzi m'chinthu chopanda choletsa tizilombo likhoza kuyambitsa chuku. Zitini ndi machubu a katoni zisakhale padzuwa kapena m'galimoto yotentha, mafuta angasungunuke n'kulowerera m'pepala.

Pa chotengera funani kachithunzi ka chikho chotsegula kolembedwa 6M kapena 12M. Ndi miyezi imene chinthucho chimakhala chabwino kuchokera tsiku limene mwatsegula, ndiye lembani tsikulo pansi pa botolo. Gulani kukula kumene mungamalize m'nthawi imeneyo. Mafuta akayamba kununkha ngati utoto wakale, asasa, asapitenso kumaso.

Chikatha, pukutani mafuta otsala ndi pepala, tsukani ndi madzi otentha a sopo, ndipo mulekanitse galasi, chitsulo, labala ndi pampu, chilichonse pachokha. Tizitini tating'ono ta aluminiyamu tiunjikeni m'chitini chimodzi chachikulu cha aluminiyamu n'kufinya kukamwa kwake kuti tisatayike posankha zinyalala. Botolo limene mukufuna kudzazanso liume kotheratu, m'kati ndi m'chivindikiro momwe, musanathiremo mafuta atsopano, ndipo musathire atsopano pamwamba pa akale chifukwa akalewo amafulumizitsa atsopanowo kusasa.