Kupita kokasangalala dzuwa likuswa mtengo muli pa jakisoni wa shuga: konzekani chonchi

Mwezi wa Okutobala, makamaka pa 15 pa Tsiku la Anakubala, malo osangalalirako mu Lilongwe amadzaza. Ana ali pa katungwe, ena m'maiwe osambiramo, ena ulendo wa ku Lilongwe Wildlife Centre. Nyengo yomweyi kutentha kumapitirira madigiri 30. Wodzibaya insulini (jakisoni wa shuga), kapena amene khungu lake silipirira dzuwa, asatsale pakhomo chifukwa cha zimenezi. Angokonzeka bwino.

Yambani usiku wake poyang'ana mankhwala onse amene mukumwa. Ambiri timayesa kuti dzuwa limavutitsa abale athu achialubino okha. Ayi ndithu. Bactrim, amene ambiri amamwa pamodzi ndi ma ARV, doxycycline, ndiponso HCT (hydrochlorothiazide) wa BP, angachititse khungu kupsa msanga kapena kutuluka zidzolo. Musasiye kumwa, koma dziwani kuti nkhani ya mthunzi ndi yanunso.

Kenaka longedzani insulini, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Yosatsegula imakhala m'filiji, pa madigiri 2 mpaka 8. Yotsegula kale, mitundu yambiri imatha pafupifupi masabata 4 kunja kwa filiji, koma ikatenthedwa kupitirira madigiri 30 imayamba kutha mphamvu. Kulungani kabotolo kapena peni ya insulini m'kansalu, muike m'kachikwama kosunga zozizira pambali pa botolo la madzi ozizira. Isakhudzane ndi ayezi! Insulini ikaundana yawonongeka, ngakhale isungunuke. Musaisiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa, olo mukungotsika pang'ono. M'minibasi chikwamacho chikhale pamiyendo panu, osati chapawindo, ndipo pewani mpando wakutsogolo wa pamwamba pa injini uja.

M'chikwama momwemo muikemo majakisoni apadera, kamakina koyezera shuga ndi timapepala take, masiwiti, buku lanu la kuchipatala, ndi botolo lolimba la chitsekerero lotayamo singano. Pamalo pamene ana akuthamanga opanda nsapato, singano siyenera kuponyedwa m'bini wamba.

Kutatsala mphindi 20 kuti munyamuke, dzolani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa. Achialubino asankhe SPF 50. Makutu, kumbuyo kwa khosi, milomo ndi pamwamba pa mapazi ndi malo amene amaiwalika. Mudzolenso pakatha maola awiri alionse, komanso mukangotuluka m'madzi. Valani malaya a manja aatali ndi chipewa cha khonde lalikulu. Kapu imasiya makutu ndi khosi pamtetete.

Mukafika, pezani kaye mthunzi, chikwama chikhale pomwepo ndi munthu wochiyang'anira. Dzuwa limaluma kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, choncho zosewera za pabwalo muyambe nazo m'mawa. Pamzere wa matikiti aime wina, kapena imani ndi ambulera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kutentha komwe kumafoola insulini m'botolo kumaifulumizitsa m'thupi. Khungu likatentha mankhwala amalowa m'magazi msanga, ndiye muonjezepo kuyendayenda ndi kusambira, shuga atha kutsika mwadzidzidzi. Zizindikiro zake, thukuta, kunjenjemera, chizungulire ndi njala, munthu amangoti ndi dzuwali. Musaganizire, yezani. Ngati kamakina kaonetsa pansi pa 70, kapena pansi pa 4 pa makina owerenga manambala ang'onoang'ono, imwani theka la botolo laling'ono la Fanta kapena madzi osungunuliramo timasupuni 3 ta shuga. Dikirani mphindi 15, yezaninso, kenaka idyani chakudya chenicheni. Amene muli nawo muwauziretu zonsezi musananyamuke, ndi kuti munthu akakomoka samwetsedwa kanthu, koma kumugoneka chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala chapafupi kapena ku Kamuzu Central.

Nthawi yobaya ikakwana, khalani pamthunzi ndi kusamba m'manja. Musabaye pakhungu lopsa ndi dzuwa. Ngati mukufuna kuthamanga kapena kusambira, pamimba m'pabwino kuposa pantchafu, chifukwa mnofu umene ukugwira ntchito umakoka mankhwala mofulumira. Imwani madzi pafupipafupi.

Mukabwerera kunyumba, iyang'aneni insulini ija pakuwala. Yooneka ngati madzi ikachita mitambo, kapena yamkaka ikakhala ndi timibulu tosasungunuka, musaigwiritsenso ntchito. Ngati ikuoneka bwino koma shuga akungokwera masiku otsatira popanda chifukwa, tsegulani botolo lina ndipo kawafotokozereni a kuchipatala.