Mmene mungafomatire kompyuta ya padesiki n'kuikamonso Windows

Kompyuta ikayamba kuchedwa kuyaka, kumangoima yokha, kapena ikadzaza ndi mavairasi obwera ndi mafulashi, nthawi zambiri kuifomata ndiye mankhwala ake. Ntchitoyi si yovuta. Choopsa n'chakuti kufomata kumafafaniza zonse, ndipo ambiri amakumbukira zithunzi za ukwati ndi makalata a ntchito atadina kale batani.

Choncho yambani ndi kusamutsa mafayilo. Koperani Documents, Pictures, Desktop ndi Downloads pa hard drive ina kapena pa fulashi yaikulu. Musakhutire poona kuti zakopedwa ayi, kazitseguleni pa kompyuta ina muone ngati zikutsegukadi. Apa mpamene anthu amalirira, ndiye musapupulume. Lembani papepala ma password anu a imelo. Ngati drive yanu inatsekedwa ndi BitLocker, loko ya Windows yotetezera mafayilo, pezeranitu kiyi yake ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imakhala mu akaunti yanu ya Microsoft. Lowaninso mu Settings, System, kenako About, muone ngati Windows yanu ndi Home kapena Pro. Mudzazifuna posachedwa.

Kenako konzani fulashi yoikira Windows. Ikhale ya 8 GB kapena kuposa, yopanda kanthu, chifukwa zonse za mmenemo zifafanizidwa. Pa webusaiti ya Microsoft tengani pulogalamu yotchedwa Media Creation Tool, ndiyo ikonze fulashiyo. Fayilo ya Windows yomwe pulogalamuyi imatsitsa imaposa 4 GB, ndiye bandulo ikhale yokwanira. Dziwani kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta), RAM ya 4 GB ndi malo a 64 GB, komanso purosesa yatsopanoko: ikakhala ya Intel, ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Makompyuta ambiri akale ogulidwa kwa ena safikapo. Yanu ikakhala yotero, Linux Mint, yomwe imaikidwa m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale.

Kompyuta ya padesiki ilibe batire. Magetsi akathima ntchito ili mkati, muyambiranso poyamba. Lumikizani ku UPS, bokosi la batire losunga magetsi, kapena sankhani nthawi imene kwanuko sathimathima.

Tsopano zimitsani kompyuta, zulani drive ija mwasungapo mafayilo, mulowetse fulashi. Mukangoyatsa, dinani mobwerezabwereza batani losankhira poyambira: F9 pa HP, F12 pa Dell ndi Lenovo. Sankhani fulashi yanu. Ikafunsa product key, kiyi ya layisensi ya Windows, dinani "I don't have a product key". Ngati kompyutayo inali ndi Windows yovomerezeka, idzavomerezekanso yokha ikalowa pa intaneti, bola musankhe mtundu womwewo, Home kapena Pro.

Sankhani kuika Windows mwatsopano, osati kukonza yakale. Mudzaona mndandanda wa zigawo: Drive 0 Partition 1, Drive 0 Partition 2 ndi zina. Imani kaye, muwerenge kukula kwa chilichonse. Ngati muli ma drive awiri, kulakwitsa pano kumafafaniza ya mafayilo m'malo mwa ya Windows. Mukatsimikiza, dinani Delete pa zigawo zonse za drive ya Windows mpaka patsale Unallocated Space (malo opanda kanthu), kenako Next. Kompyuta idzazima n'kuyakanso kangapo. Ikazima koyamba, zulani fulashi kuti isayambirenso pomwepo.

Windows ikatseguka, pitani ku Windows Update muisiye itsitse zonse, kuphatikizapo ma driver (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta) a mawu ndi a sikirini. Intaneti ikakana, tengani driver ya netiweki pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga kompyutayo, pogwiritsa ntchito makina ena. Mafayilo anu musawabweze msanga. Yambani mwaunika drive yonse ija mwasungapo mafayilo ndi Windows Security, chifukwa vairasi yomwe inakuvutitsani ija ikhoza kukhala kuti inasamuka nawo limodzi.