Mmene mungadziwire ngati mpingo ndi waukuludi kapena ndi zokamba chabe

Mukamva wina akuti mpingo wathu ndiye waukulu padziko lonse musathamangire kutsutsa, mufunseni kaye kuti nambala akutchulayo ndi ya chani, chifukwa pali manambala atatu amene anthu amawasakaniza, ena mwadala ndithu: mayina olembedwa m'kaundula, mipando ya mu tchalitchi, ndi anthu amene amabweradi kumapemphero sabata ndi sabata.

Yambani ndi yachitatuyo. Ofufuza a ku Hartford Institute for Religion Research ku America amaika mpingo m'gulu la megachurch, kutanthauza mpingo waukulu kwambiri, pokhapokha ngati pa sabata pamasonkhana anthu 2,000 kapena kuposa apo, ndipo amawerenga mipingo ya chipulotesitanti basi, maparishi a Katolika salowa ngakhale ena amadzadza koopsa.

Nambala ya m'kaundula ndiye samalani nayo. Yoido Full Gospel Church ya ku Seoul, ku South Korea, imene David Yonggi Cho anayambitsa mu tenti mu 1958, inafika pomanena kuti ili ndi mamembala oposa 800,000, ndiye taganizani, ndi nyumba iti ingalowe anthu onsewo? Palibe. Amapemphera mosinthana maulendo angapo Lamulungu, ena kunthambi, ena m'timagulu ta m'makomo mkati mwa sabata. Komanso kaundula wa mpingo uliwonse sachedwa kulemba dzina koma kufufuta amachedwa, wina anasamuka kalekale, wina akupemphera kwina, dzina likadali pomwepo.

Mipando ndi yosavuta. Lakewood Church ya Joel Osteen ku Houston inalowa m'bwalo lakale la basketball mu 2005, muli mipando yoposa 16,000. Faith Tabernacle ya David Oyedepo ku Ota, Nigeria, inatsegulidwa mu 1999 ndipo imatenga anthu 50,000. Tengani mipandoyo muchulukitse ndi mapemphero a tsikulo, mupeza malire amene sangawadutse kwambiri. Koma mpando sindiye munthu ayi. Onerani pa YouTube Lamulungu wamba, osati tsiku la msonkhano wa pachaka kapena usiku wolowera chaka chatsopano, ndipo dikirani kamera itembenuke ionetse kumbuyo ndi m'mwamba, poti ojambula amakonda mizere ya kutsogolo yodzadza ija.

Nkhani ya kufalikira ndi ina. Redeemed Christian Church of God inayamba ku Nigeria mu 1952 ndipo pano ili m'maiko oposa 100, komatu umenewu ndi mpingo wa nthambi zambirimbiri, ina ya anthu zikwi, ina ya mabanja ochepa mu holo ya lendi, ndiye kuuyerekeza ndi Lakewood imene anthu amasonkhana pamalo amodzi ndi kulakwitsa masamu. Palinso ngati Life.Church ya ku Oklahoma, malo ndi ambiri koma ulaliki ndi umodzi, ambiri amauonera pa sikirini, apa funsani ngati nambalayo ndi ya malo amodzi kapena aphatikiza onse.

Za oonera pa intaneti ine ndimaziika pambali, munthu wadina kamphindi n'kuchoka naye amawerengedwa. Chomaliza funsani kuti anawerenga ndani komanso chaka chiti, chifukwa manambala ambiri amachokera ku ofesi ya mpingo womwewo ndipo ena ndi a zaka khumi zapitazo.