Kolera ikamveka, konzani izi kusanache

Abale a ku Angónia, Tsangano ndi Moatize, mukangomva kuti kolera yabuka m'mudzi woyandikana, musadikire kuti ifike pakhomo panu. Masiku oyambawo anthu amathamangira kumsika, ndipo Certeza, mankhwala otetezera madzi akumwa, amasowa msanga. Gulani botolo lero.

Madzi akumwa thirani Certeza motsatira muyezo wolembedwa pa botolo, mudikire mphindi 30 musanamwe. Muwasunge m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono, osati mumtsuko wotsegula. Mumtsuko aliyense amaviikamo kapu ndi zala zomwe, ndiye madzi otetezedwa aja amaipanso. Chigubu mumangopendeketsa basi.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: sungani padera botolo loyera la lita 1, shuga, mchere ndi sipuni yaing'ono ya tiyi. Munthu akayamba kutsegula m'mimba usiku, sakanizani masipuni 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere m'lita 1 ya madzi otetezedwa, osasefukiza masipuniwo. Azimwa pang'onopang'ono, ngakhale akusanza, muli pa ulendo wopita kuchipatala. Kolera imapha pochotsa madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa chabe, ndipo kwathu kuno kupeza njinga yamoto pakati pa usiku si chinthu chapafupi. Mchere musachulutse, makamaka kwa ana. Woyamwa apitirize kuyamwa.

Pa maliro ndi pa ukwati, beseni limodzi losambamo m'manja anthu onse lilekeni kaye. Mwana mmodzi azithirira aliyense madzi ndi kapu, sopo ali pambali. Akuluakulu mukawafotokozera mwaulemu amamva.