Momwe mungamangire chingwe choyanikapo zovala ndi kuziyanika bwino

Ambiri tinakula tikuyanika zovala pa udzu, pa mpanda kapena pa miyala, koma mvula ikayamba mu Novembala mpaka kukafika mu Epulo, chizolowezi chimenechi chimadetsa zovala ndi matope komanso chimabweretsa mphutsi. Chingwe chomangidwa bwino chimathetsa zonsezi, ndipo kuchimanga ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Yambani ndi kusankha malo omwe dzuwa limawomba kuyambira m'mawa ndiponso mphepo imadutsa, kutali ndi chimbudzi, dzala ndi khitchini yophikira nkhuni, chifukwa utsi umalowerera msanga mu nsalu yonyowa. Pansi pa mtengo wa mango musamangepo, popeza mthunzi umachedwetsa kuuma ndipo mbalame zimadetsa zovala. Zikani mitengo iwiri ya bulugamu mozama, mutayamba mwapaka mbali yolowa m'nthaka oyilo wakuda wochotsedwa m'galimoto kuti chiswe chisaidye. Amakaniki ambiri amapereka oyiloyu pamtengo wochepa, choncho musawononge ndalama pa mankhwala odula.

Pogula chingwe ndi pamene muyenera kusamala kwambiri. Ine ndinagula waya m'sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba, wogulitsa atanditsimikizira kuti ndi wosachita dzimbiri, koma mvula itangogwa kangapo wayayo anafiira, ndipo malaya oyera a yunifolomu ya ana anatuluka ndi mzere wa dzimbiri m'mapewa umene sopo analephera kuuchotsa. Pambuyo pake ndinazindikira kuti anali waya wamba womangira zitsulo za maziko, wongopakidwa penti yonyezimira. Choncho musanalipire, pindani kansonga ka wayayo ndi kukakanda ndi msomali. Penti ikasupuka n'kuoneka chitsulo chakuda, musiyeni ngakhale akuchotsereni mtengo. Waya wabwino amakhala wotuwa ngati lata ndipo kutuwako sikusupuka popinda. Woposa onse ndi waya wokutidwa ndi pulasitiki, ngakhale kuti ndi wodulirapo. Chingwe cha nayiloni n'chotsika mtengo, koma chimatamuka mukayanikapo bulangeti lonyowa, ndipo dzuwa la mu Okutobala limachifumbutsa mpaka kuyamba kuduka. Chilichonse chomwe mwasankha, chikungeni zolimba, muike mphanda pakati kuti chisagwere pansi, ndipo muzichipukuta ndi kansalu konyowa musanayanike.

Zovala muzifinye bwino ndi kuzikutumula kuti makwinya achepe. Zitenje ndi zina zamitundu muzitembenuze mkati mukhale kunja kuti dzuwa lisazisulutse, malaya muwapanire kumunsi osati m'mapewa, ndipo mathalauza muwatulutse matumba. Mapegi apulasitiki otchipa amathyoka msanga akakhala padzuwa, motero muziwachotsa pachingwe mukamaliza.

Musalole chovala chilichonse, makamaka matewera ndi zovala zamkati, kugwera pansi kapena kukhala chonyowa pamthunzi. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa dothi lomwe pagwera mkodzo ndi pa nsalu zonyowa zomwe sizili padzuwa, ndipo mazirawo akaswa, timphutsi timalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa, makamaka mwa ana. Kutentha kwa nsimbi kumapha mazira amenewa, choncho m'nyengo ya mvula sitani chilichonse mbali zonse ziwiri, ngakhale masokosi ndi nsalu zapabedi. Magetsi akazima, nsimbi ya makala imagwira ntchito yomweyo.

Anulani dzuwa lisanalowe kuti mame asazinyowetsenso. Okhala ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, komwe chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimatha masiku angapo, amangenso chingwe chachifupi pakhonde, ndipo aziyanika motalikanitsa kuti zovala zisanunkhe chinyezi.