Mwana wa malungo aakulu musamuyeze ndi maso

Mvula yangokhazikika, mabedi a ana adzaza, ndipo chizolowezi chakale chija chabweranso m'mawodi: kubaya mwana artesunate, mankhwala a malungo aakulu, asanakwere pa sikelo. Wachipatala amangomuyang'ana, n'kuganiza kuti ndi wa makilo 9, kenako n'kuchulukitsa ndi 2.4 mg pa kilo monga anaphunzirira kalekale. Apa walakwitsa kawiri pa jakisoni mmodzi.

Kuyambira 2015 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwana wosafika makilo 20 alandire 3 mg pa kilo. Sanachite kulota ayi. Kafukufuku wa AQUAMAT wa 2010, pa ana oposa 5,000 m'mayiko 9 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anaonetsa kuti artesunate amachepetsa imfa ndi 22.5 peresenti poyerekeza ndi kwinini. Pambuyo pake atayeza magazi a ana ku Tanzania, zinaoneka kuti mwa ana ang'onoang'ono mankhwalawa safika pa mlingo wokwanira akapatsidwa 2.4.

Tiwerenge limodzi. Mwana uja mukamuyezadi mupeza kuti ndi wa makilo 12, ndiye akufunika 36 mg. Inu mwamupatsa 21.6 mg. Mwamumana 14.4 mg mwana amene akukomoka, magazi akumuthera. Mawa lake tizilombo tikadalipo, n'kumati mankhwala a masiku ano ndi ofooka. Zaka khumi zapita, tikukakamirabe 2.4 chifukwa chiyani?

Mlimi wina wodikirira mwana wake anadabwa poyera kuti ogula soya salola thumba lidutse osalikweza pa sikelo, koma mwana wake wabayidwa mongoyerekeza. Panalibe womuyankha.

Pena vuto lili pa kasungunulidwe. Botolo la 60 mg mukathira 1 ml ya sodium bicarbonate n'kuwonjezera 5 ml ya saline (madzi a mchere a kuchipatala), mumakhala ndi 10 mg pa ml, wobaya mumtsempha. Wobaya pantchafu mumawonjezera 2 ml yokha, n'kukhala 20 mg pa ml. Mukasokoneza, mwana alandira theka kapena kawiri.

Chochita n'chachidule. Mwana wosatha kuima muyezeni ali m'manja mwa mayi ake, kenako chotserani kulemera kwa mayiwo. Lembani makilo pa fayilo, mnzanu awerengenso mlingo musanabaye. Bayani pofika, pa maola 12 ndi pa maola 24. Akayamba kumeza amalize ndi mankhwala akumwa a LA masiku atatu. Artesunate wosungunula kale akapitirira ola limodzi, tayani.