Thanki ya chimbudzi ikamalira usiku wonse, tsegulani chivindikiro muone

Abale anga a kuno ku Joni, lero tikambirane za thanki ya chimbudzi chogejemula, ija imakhala kumsana mukakhala pansi. Ambirife tinakulira pa chimbudzi chokumba, chikadzadza mumangokumba china pambali basi, nde pofika kuno m'zipinda za lendi ku Yeoville, Rosettenville, Turffontein kaya Cosmo City timangodziwa kukanikiza batani, zamkatimo timati ndi za pulambala. Komatu mkati muja muli tizipangizo tiwiri tokha togwira ntchito, kena kolowetsa madzi kena kotulutsa, ndipo chimbudzi chikamachita shiii usiku wonse ndiye kuti kamodzi mwa tiwiriti katopa. Mukangodziwa kuti ndi kati, ntchito yatsala pang'ono.

Yambani mwachotsa chivindikiro. Mathanki ena a batani pamwamba muyenera kuyamba mwapotokola kamkombero kozungulira batanilo, osakoka mwamphamvu ayi. Chivindikirocho chiikeni pansi pa thaulo, osati pamphepete pa bafa, chifukwa chikasweka kupeza chinzake chofanana ndi mavuto, ambiri amathera pogula thanki yonse. Ndipo musachite nyansi kulowetsamo dzanja, madzi a m'thanki ndi omwe aja a pampope, sanakhudzane ndi zoipa.

Chakumbali muona valavu yolowetsa madzi, yolumikizidwa ku paipi yochokera kukhoma. Pa mathanki akale imakhala ndi kamkono kakatali kokhala ndi mpira wapulasitiki kumapeto. Mukagejemula madzi amatsika, mpira uja umatsika nawo, kamkono kamasiya kukanikiza ndipo madzi amayamba kulowa. Akamakwera mpira ukukweranso, mpaka kamkono kakanikiza kamphira pa kabowo kolowera madzi, tseke. Kamkonoko anakapanga katali dala, mpira wopepuka uja paokha sungalimbane ndi mphamvu ya madzi a m'paipi, koma ukamakankha uli kutali kumapeto kwa mkono mphamvu yake imafika pakabowo itachuluka. Mavalavu atsopano alibe mkono wautali, ali ndi kakapu kokwera ndi kutsika pa valavu pomwepo, ndipo mkati muli kamphira kopyapyala kokhala ndi kabowo kakang'ono kwambiri, madzi omwewo ndi amene amakakankha kuti katseke. Ndi abwino, sachita phokoso, koma kamchenga kamodzi kokha kakatseka kabowoko valavu imasokonekera, mwina osatsekanso mwina osatsegula. Kumbukirani zimenezi, tibwererako.

Pakati pa thanki pali valavu yotulutsa. Pansi pake pali kamphira kozungulira kamene kamakhala pa bowo lalikulu lopita m'chimbudzi, ndipo kulemera kwa madzi ndi kumene kumakapanikiza kuti katseke bwino. Mukakanikiza batani kapena kutsitsa handulo mumanyamula valavuyo, madzi onse amathamangira pansi, kenako imagwa yokha nkutseka. Zimbudzi zina zili ndi mabatani awiri, nkhani yake ndi ya nthawi basi: batani laling'ono limanyamula valavu nkuibweza msanga, lalikulu limaisiya yotsegula mpaka madzi atatsika kwambiri. Zambiri zimatulutsa malita 3 pa laling'ono ndi 6 pa lalikulu, pomwe mathanki akale amakhuthula malita 9 kapena kuposa pa ulendo umodzi, mkodzo wokha kapena zazikulu chimodzimodzi. Nzeru ya mabatani awiriyi inatchuka ndi kampani ya Caroma ya ku Australia cha mu 1980, dziko la chilala ngati lomwe tikukhalamoli. Ine zimandiwawa kuona anthu akukanikiza mabatani onse awiri nthawi zonse ati kuti zichoke bwino, pa mkodzo laling'ono lakwana abale.

Pali mtundu wina wa m'nyumba zakale, kwathunso mwina munauonako, wa handulo yolimba ija yofuna kukoka kamodzi mwachangu. Umenewu ulibe kamphira kotseka pansi. Muli paipi yopindika mokhotera pansi, handulo imanyamula kambale kokhala ndi pulasitiki yopyapyala, kambaleko kamakankha madzi mpaka adutse pamwamba pa kupindikako, akangodutsa amakokana okha mpaka thanki yatha nkulowa mpweya. Ndi mmene amachitira anyamata potulutsa petulo m'galimoto ndi hosipaipi, kuyamwa kamodzi kenako amangotuluka yekha. Ubwino wake mtundu umenewu sudontha m'chimbudzi mwachisawawa. Kuipa kwake pulasitiki ija ikang'ambika mumapopa handulo katatu kanayi osagwira, ndipo mankhwala ake ndi kusintha pulasitikiyo, osati kumenya handulo mpaka kuthyola.

Chinthu china choti muchione ndi kapaipi kotayira madzi akadzadza mopyola. Pa mathanki atsopano kali pa valavu yapakati pomwepo, kotsegula pamwamba, madzi akapyola amalowa mmenemo nkutsikira m'chimbudzi mwakachetechete. Pa akale kamatulukira kunja kwa khoma, nchifukwa chake m'mafulati ena akale mumaona khoma lonyowa la ndere kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zakunjazi zinali zoonekera, aliyense amadziwa kuti kwa uje thanki yawonongeka. Zamakonozi zimabisa, madzi amatha kutayika miyezi wina osazindikira.

Tsopano mmene mungadziwire wolakwa. Dikirani thanki idzadze nkuyang'ana pamene madzi alekezera. Ngati afika pakamwa pa kapaipi kotayira ndipo akulowamo, vuto lili pa valavu yolowetsa, siikutseka kapena mpira anauika mokwera kwambiri. Nyamulani mpirawo ndi dzanja pang'onopang'ono, madzi akasiya kulowa ndiye kuti valavu ndi yamoyo, mungotsitsa mlingo. Pamakhala kasikulu kapulasitiki kopotokola, pa akale a mkono wachitsulo anthu amangoupinda pang'ono kuloza pansi. Madzi azilekezera ngati zala ziwiri pansi pa kamwa ka kapaipi kaja, mathanki ambiri ali ndi kamzere mkati kosonyeza pofikira. Mukanyamula mpira koma madzi osasiya, kamphira kamkati katha kapena mwalowa zinyalala.

Koma ngati madzi sanafike pa kapaipi kotayira, chikhalirecho m'chimbudzi mukuyenderera kamadzi chakumbuyo, wolakwa ndi kamphira kapansi ka valavu yotulutsa. Chizindikiro chake china ndi thanki yomwe imangoyamba yokha kudzadza kwa kanthawi popanda wogejemula, anthu nkumaopa kuti m'nyumba muli zinazake. Kuti mutsimikize tsekani kampope kakang'ono ka pakhoma kopititsa madzi ku thanki, lembani ndi pensulo pamene madzi ali, bwererani patapita ola. Akatsika, ndi kamphirako. Njira ina dontheziranimo kala ya makeke m'thanki, musagejemule, pakatha mphindi 20 kapena 30 muone ngati m'chimbudzi mwasintha mtundu. Kapenanso pukutani kumbuyo kwa chimbudzi mkati kuume, mumatepo tishu youma, ikanyowa yokha mwagwira wakuba. Nthawi zina kamphirako sikanathe nkomwe, kangomera tizithuza kapena pansi pake pakhala zinyalala, kupukuta pokhala pake nkukatembenuza kamagwira masabata angapo mukufunafuna katsopano. Valavu zambiri za mabatani awiri zimazuka mukazipotokola pang'ono, osafuna sipanala.

Usiku ndi pamene zimamveka kwambiri, si chifukwa cha bata lokha, nthawi imeneyo anthu ambiri atseka mipope ndiye mphamvu ya madzi m'mapaipi imakwera, valavu yotopa yomwe masana imayesetsa kutseka usiku imagonja.

Tibwerere ku mchenga uja, chifukwa kuno ku Joni ndi umene ukupha mavalavu ambiri. Madzi athu amachokera ku Vaal Dam, a Rand Water amawayeretsa nkuwapopa, a Johannesburg Water ndi amene amawagawa m'makomo, ndipo nonse mukudziwa kuti masiku ano kusowa madzi tsiku lonse kapena masiku angapo si nkhani yachilendo, kaya akukonza mapaipi kaya paipi yaphulika mumsewu. Madzi akamabwerera amabwera ndi mpweya, dzimbiri ndi timchenga, ndipo popeza thanki ya chimbudzi imakhala yopanda kanthu mpira uli pansi, ndi iyo imayamba kumeza zonsezo. Nde madzi akangopita, tsekani kampope ka pakhoma kaja. Akabwera yambani mwatsegula mpope wapanja kapena wa kusinki mpaka madzi ayere ndi kusiya kutsokomola, kenako mutsegulire thanki. Ngati mwachedwa ndipo thanki ikudzadza mochedwa kwambiri, mavalavu ambiri ali ndi kasefa pamene paipi imalowera, tsekani madzi, masulani paipi, solorani kasefako nkutsuka ndi mswachi wakale.

Nthawi yopanda madziyo chimbudzi chimagwirabe ndi ndowa, bola mudziwe kathiridwe. Pansi pa chimbudzi pali paipi yopindika imene imasunga madzi nthawi zonse, madzi amenewo ndi amene amatchinga fungo la suweji kuti lisabwerere m'nyumba. Wokonza mawotchi wina wa ku Scotland dzina lake Alexander Cumming ndi amene analembetsa nzeru ya kupindika kumeneku mu 1775, ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni. Kuti zoipa zidutse popindikapo pamafunika madzi ambiri obwera nthawi imodzi, nchifukwa chake thanki imasunga kaye madzi nkuwakhuthula mu masekondi ochepa. Inunso ndi ndowa chitani chomwecho, kwezani pang'ono nkukhuthula kamodzi pakati penipeni, mukamathira pang'onopang'ono ngati mukuthirira mbewu mungomaliza madzi zinthu zili pompo. Madzi ochapira ndi osambira ndi abwino pa ntchito imeneyi, anzathu a ku Cape Town anapulumukira momwemo pa chilala cha 2018, koma athireni m'chimbudzi mwenimwenimo osati m'thanki, sopo ndi tiulusi ta zovala timamata pa timphira.

Za ndalama tsopano. Bilu ya madzi imawerengedwa pa makilolita, kilolita imodzi ndi malita 1,000. Tiyerekeze pa yadi pali anthu 10 ogwiritsa chimbudzi chimodzi, aliyense kugejemula kasanu pa tsiku, pa thanki ya malita 9 ndi malita 450 pa tsiku, pa mwezi makilolita oposa 13, chimbudzi chokha chisanayambe kudontha. Chikamadontha usana ndi usiku mita siipuma, nde a landilodi akabwera ndi bilu yokwera amaloza ife kuti a Malawi mumachapa kwambiri, lendi nkukwera, pomwe wakudya ndalamayo ndi kamphira kotchipa kuposa chakudya cha tsiku limodzi. Langizo langa, musanakhudze kalikonse jambulani kavidiyo madzi akuyenderera muwatumizire eni nyumba pa WhatsApp, avomereze kuti mukonze ndipo mugwirizane kuti ndalama ya zipangizo ichoka pa lendi kapena abweza. Mukakonza mwakachetechete china nkuthyoka, mlandu ndi wanu.

Pokagula nyamulani chakalecho m'thumba, kaya ndi ku Builders, Cashbuild, Plumblink kapena ka hardware ka pakona, chifukwa timphira timasiyana kukula ndipo kufotokoza ndi manja sikuthandiza. Ngati mukusintha valavu yonse yolowetsa onetsetsani ngati paipi imalowera pansi pa thanki kapena m'mbali, ndi mitundu iwiri yosiyana. Pomanga, manati apulasitiki amafuna dzanja kenako sipanala pang'ono chabe, mukalimbitsa ngati mukumanga tayala la minibasi amang'aluka, nthawi zina thanki yomwe.

Kwa achimwene ndi achemwali ogwira ntchito m'mayadi ndi m'nyumba za mabwana ku Sandton kaya Fourways, kumeneko mupeza zimbudzi zopanda thanki yooneka, mabatani okha pakhoma. Thanki ilimo, ili mkati mwa khoma, zambiri ndi za kampani ya Geberit, ndipo zonse zimakonzedwa pochotsa chimbale cha mabatanicho, palibe zogumula matailosi. Tizipangizo take ndi tomwe tija tiwiri koma ndi todula, nde mukaona kamadzi kakuyenderera auzeni abwana, musayambe kusolola zinthu mumdima. Za m'ma mall zopanda thanki konse, zongokanikiza chitsulo madzi nkubwera mwamphamvu kuchokera m'paipi, zimenezo zisiyeni kwa eni ntchito.

Timiyala ta buluu ndi mapiritsi a bleach oponya m'thanki ine sindiwalimbikitsa, madzi amaoneka okongola inde koma mankhwala a klorini amadya timphira pang'onopang'ono, bola zopachika m'mphepete mwa chimbudzi. Njerwa m'thanki ayinso, imanyenyeka nkupanga mchenga womwe tikuuthawawu. Ngati thanki ndi yakale yaikulu ikanimo botolo lapulasitiki la lita imodzi lodzadza madzi, lotseka bwino, pakona posakhudza mpira, koma mukaona kuti tsopano mukugejemula kawiri lichotseni, palibe chomwe mwapulumutsa. Pa thanki ya malita 6 musaikemo kanthu. Ndipo paipi yotulutsa zoipa ngakhale ndi ya mamilimita 110, popindika paja ndi pochepa, mapadi, matewera, ma wipes ndi nyuzipepa zimakodwa pomwepo, ikani kabini pambali makamaka pa chimbudzi chogawana.

Pali pena pomwe dzanja lanu lilekere. Madzi akamadontha pakati pa thanki ndi chimbudzi nthawi yogejemula, mphira yaikulu yolumikiza ziwirizo yatha ndipo pamafunika kutsitsa thanki yonse, ngati simunachitepo itanani pulambala. Thanki kapena chimbudzi chong'aluka musamate ndi guluu nkumakhalapo, chikaphwanyika munthu ali pamwamba chimacheka koopsa. Mukagejemula madzi nkumakwera m'malo motsika, kapena zoipa zikutulukira pa dreni ya panja, vuto si thanki, paipi yatsekeka, siyani kugejemula ndipo auzeni eni nyumba tsiku lomwelo. Zikakhala kuti zikusefukira pa manhole ya mumsewu kunja kwa mpanda, imeneyo ndi ya Johannesburg Water, imbani mukanene ndipo musunge nambala ya lipoti imene akupatseni.